Mitsempha ya Achimwene a Jailosi

Ana anga, mutu uno ndauzengereza miyezi itatu. Wa sukulu ya unamwino ndi wa ukwati wanga ndi malemu bambo anu ndinailemba mosavuta, koma uno ndikangotsegula kope ndimapeza ntchito ina yoti ndigwire. Zaka ndiziwerenga monga ndinkachitira ndili pa ntchito, kuyambira tsiku limene ndinavala yunifolomu yoyera, chifukwa za pa kalendala zinandisokonekera kale.

Chaka choyamba, Darwendale

Ntchito ndinayambira pa kiliniki ya pa pulazi ina ya fodya kufupi ndi Darwendale. Ine ndinabadwira pa komboni ku Raffingora, bambo anga atachokera ku Dedza ali mnyamata, choncho utsi wa m'mabalani owotchera fodya sunali wachilendo kwa ine. Kilinikiyo inali ya zipinda ziwiri zimene kale ankasungiramo feteleza, ndipo mvula ikagwa makoma ake ankatuluka mchere. Kiyi wa kabati ya mankhwala ankasunga ndi mkazi wa mwini pulazi. Ndikafuna kanthu ndinkakwera ku nyumba yaikulu, kukaima pa khomo la kukhitchini agalu akundinunkhiza, mpaka adona amalize tiyi. Bwana wanga weniweni anali Sisita Chikomo, mayi wa Chishona, wamfupi ndi waukali, amene ankayendera makiliniki a m'mapulazi pa njinga yamoto. Kwa ine ankafika Lachiwiri lililonse, ndipo Lolemba ndinkakolopa kawiri.

Odwala athu anali a malungo, zilonda za makasu, ana otsegula m'mimba, amayi oyembekezera ndi anthu opsa khungu ndi mankhwala opopera m'munda. Matenda a mtima tinkati ndi a mabwana odya nyama tsiku ndi tsiku. Tsiku lina kunabwera mdala woyendetsa thirakitala, a Binali, akudandaula kuti akayenda kuchokera ku komboni kufika ku shedi, akatumba a miyendo amawagwira ngati munthu wawamanga ndi waya, koma akaima pang'ono ululu umatha. Ndinawapatsa mafuta opaka ndi panado. Mwatsoka kapena mwamwayi linali Lachiwiri. Sisita Chikomo anawabweza ali kale pa khomo, n'kuwavulitsa magambutsi, n'kundigwira dzanja mwamphamvu kuliika pamwamba pa phazi la mdalayo.

"Ukumva chiyani?" anandifunsa.

"Palibe, Sisita."

"Ndiye wamupatsa mafuta opaka a chiyani? Phazi lozizira chonchi, magazi sakufikamo. Mitsempha yatsekeka ngati mapaipi othirira akale. Ndipo usaganize kuti yatsekeka m'miyendo mokha. Munthu ndi mmodzi, mitsempha yake ndi imodzi. Zili kuphazizi zilinso kumtima ndi kumutu."

Tinawalembera kalata ya ku chipatala chachikulu, koma inali nyengo yolima ndipo sanapite. Mvula isanathe anawapeza atakhala motsamira tayala la thirakitala masana, chipewa chili pa bondo, atafa. Pa komboni anati alodzedwa ndi mnzawo wofuna thirakitalayo. Kuyambira pamenepo, munthu wamkulu aliyense wobwera kwa ine, ngakhale adandaule dzino, ndinkamuvula nsapato. Anthu ankandiseka nazo, ena mpaka ankasamba mapazi okha pobwera ku kiliniki.

Chaka cha khumi ndi chisanu ndi chimodzi, Mvurwi

Boma litagawa mapulazi kwa alimi atsopano, kiliniki yathu inatsekedwa. Kabati ija anaitenga anthu n'kumasungiramo nkhuku. Ndinakhala miyezi ingapo pakhomo, kenaka ndinapeza malo pa chipatala china cha kumbali ya Mvurwi, ku wodi ya amuna. Kumeneko ndinakhalako mpaka kupuma. Madokotala ankabwera ndi kupita ngati mbalame za mpunga. Wina ukangozolowera kalembedwe kake, umamva kuti wawoloka malire. Ma matironi ndinagwira nawo anayi. Wachiwiriyo ankatiwerengera magolovesi m'manja, awiriawiri pa tsiku, ndipo sindinamude, chifukwa ndinaona ndekha kuti m'sitolo munalibe. Panali zaka zimene tinkachapa mabandeji, zimene wodwala ankabwera ndi kandulo ndi ndowa ya madzi, zimene ambulansi inkagona pa njerwa. Makina a ECG, ojambula kugunda kwa mtima pa pepala, tinali nawo amodzi. Pepala lake likatha tinkangoyang'ana pa kagalasi kake n'kujambula ndi foni.

Anthu a mitsempha yotsekeka anachuluka zaka zimenezo, kapena mwina ndi maso anga amene anatseguka. Ambiri anali anthu athu omwe a m'makomboni, okalambira m'mabalani, osuta chingambwe chimene kuno amati chimonera kuyambira ali ana, ena a shuga, ena a BP yosadziwika. Munthu wotere mtima ukamugwira, dokotala amakhala ngati akusoka nsalu yofwifwa: ukakoka apa, pang'ambika apo. Mankhwala othandiza mtima amatha kupweteka impso, osungunula magazi amatha kuboola kumutu. Tinali ndi jekeseni wina wodula, wosowa, wosungidwa m'firiji, amene amasungunula magazi oundana otseka mtsempha wa mtima ngati munthu wafika msanga. Ndinaona amuna atatu akubwerera ku imfa ndi jekeseni ameneyo, nkhope yotuwa ikubwerera mtundu wake diripi isanathe. Koma asanabaye, dokotala ankafunsa mafunso, ndipo limodzi linali lakuti: kodi munayamba mwagwidwapo sitiroko posachedwapa? Yankho likakhala inde, botolo linkabwerera m'firiji.

Malume anu a Jailosi munawadziwa atakalamba kale, akuyenda ndi ndodo. Anali achimwene anga, ondiposa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tinatsala awiri okha m'mimba mwa amayi. Ntchito yawo inali yowotcha fodya, ndipo anali katswiri. Ankangolowetsa dzanja m'balani n'kudziwa ngati moto wakwana, osayang'ana choyezera. Pulazi imene ankagwirako kufupi ndi Mvurwi itagawidwa, iwo anatsala pa komboni ndi akazi awo, alamu anga a Rozina, a banja lochokera ku Tete, n'kumawotchera fodya alimi atsopano. Kumudzi kobwerera kunalibe. Ku Dedza sanapondeko chibadwire. Nyumba imene ankakhala inali yawo malinga ngati akugwira ntchito.

Mapazi awo ndinawagwira koyamba pa Khirisimasi ina, akuseka kuti mlongo wawo wapenga. Lamanzere linali zii. Shuga tinawapeza naye chaka chomwecho. Patapita zaka zitatu anadulidwa zala ziwiri za kuphazi. Fodya ndinawaletsa mpaka pakamwa panga panauma. Ankati, "Esinati, ndikasiya chimonera, utsi wa m'balani undisiya? Ndilekere kanga kamene ndimasankha ndekha."

Chaka cha makumi awiri ndi chisanu ndi chiwiri

Chakumayambiriro kwa Disembala alamu anandiimbira foni kuti ndifike msanga koma ndisauze munthu. Ndinapeza achimwene atakhala pa mpando, pakamwa patapotokera kumanja, dzanja lamanzere likulephera kugwira kapu, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera. Ndinawauza kuti ndi sitiroko, tiyeni ku chipatala. Anakana. Fodya woyamba anali pafupi kuthyoledwa, ndipo mlimi akamva kuti wowotcha wake wafa dzanja, mabalani apereka kwa wina, nyumba nayo ipita. Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinalira. Potsiriza ndinagonja. Ndinkabwera ndi mapiritsi a BP, kuwayeza ndekha, kuwalimbitsa dzanja ndi mpira wa tenisi. Pasanathe masabata awiri pakamwa panawongoka, dzanja linabwerera, anabwerera ku moto wawo. Sizinalembedwe pa khadi lililonse. Tinkadziwa ndife atatu. Cholakwa chimenechi ndi changa, ndipo ndachilemba kuti musadzachiike pa wina.

Mu Febuluwale, Lachinayi m'mawa cha m'ma teni, ndikusintha diripi ya wodwala wina, ndinamva lole ikuima pa khomo. Inali yonyamula nkhuni za m'mabalani. Amuna awiri anatsitsa munthu pa nkhunipo, alamu akuthamanga pambuyo opanda mpango kumutu. Ndinazindikira magambutsi ndisanaone nkhope. Achimwene anali mbuu, thukuta lili kamukamu, chibakera atachikanikiza pachifuwa. Anati chawayamba akuponya chipika pa moto, ngati ng'ombe yawaponda pachifuwa, ululu ukutsikira ku dzanja ndi kunsagwada. Panali patapita maola awiri.

Dokotala wathu nthawi imeneyo anali Dokotala Gumbo, mnyamata wa kumbali ya Masvingo, wofatsa, amene anali asanathe chaka pa chipatalapo. Chichewa sankamva, kupatula moni. Tinawatafunitsa asipulini, tinawaika okosijeni, ndinawabaya wochepetsa ululu. Pepala la ECG tsiku limenelo linalipo. Dokotala analiyang'ana n'kundipatsa, ndipo ngakhale ine ndinaona mizere itakwera ngati mizere ya fodya. Mtsempha waukulu wa kutsogolo kwa mtima unali utatsekeka. Ambulansi inali itapita ku Harare m'mamawa ndi mayi wovutika pobereka. Ndipo ngakhale ikanakhalapo, ulendowo ndi mizere ya kumeneko zikanadya maola amene mtima unalibe.

"Sisita Banda, m'firiji mwatsala mabotolo angati a jekeseni uja?" anandifunsa.

"Limodzi, Dokotala."

"Katengeni. Wafika nthawi yabwino mdalayu."

Ndinapita. Ndikubwera, botolo lili m'manja, ndinapeza akufunsa mafunso aja m'Chishona. Munachitidwapo opaleshoni posachedwa? Ayi. Mumasanza kapena kuchita chimbudzi cha magazi? Ayi. Munagwapo n'kumenyetsa mutu? Ayi. Munagwidwapo sitiroko, kupotoka pakamwa, kufooka dzanja kapena mwendo?

"Kwete," anayankha achimwene. Ndiko kuti ayi. Alamu nawo anapukusa mutu.

Kenaka achimwene anatembenuzira maso kwa ine, nachotsa chophimba cha okosijeni pakamwa, nayankhula m'Chichewa cha kwathu, motsitsa, ngati akundipempha madzi.

"Esinati, tseka pakamwa. Ndamva kwa anthu za jekeseni ameneyu. Ndipatse."

"Achimwene, angakuphulitseni magazi m'mutu."

"Mutu ndi wanga. Ndati tseka pakamwa."

"Alamu, chonde," anatero a Rozina, atandigwira m'mphepete mwa yunifolomu. "Zija zinatha. Munaona nokha kuti zinatha. Musawaphe achimwene anu ndi pakamwa."

Dokotala anaima akutiyang'ana, cholembera chili m'manja. Anandifunsa kuti akuti chiyani. Ndinati akuti ululu wachepa pang'ono. Linali bodza langa loyamba kwa dokotala pa zaka zonsezo, ndipo linatuluka mosavuta moti ndinachita mantha. Ndinapita pa tebulo, ndinatsegula paketi ya sirinji, ndinakoka madzi osungunulira. Manja ankagwira okha ntchito imene ankaidziwa. M'mutu munali zinthu ziwiri. Ndinkaona amuna atatu aja amene anatuluka m'wodi muno akuyenda ndi miyendo yawo. Ndinkaonanso zimene ndinaphunzira ndi kuziona kamodzi ndili ku maphunziro: munthu akulandira jekeseni yemweyo, n'kuyamba kudandaula mutu, kusanza, diso limodzi kukula, kenaka nkonono umene sadzukanso. Sitiroko ya achimwene sinajambulidwe. Sitinkadziwa ngati unali mtsempha wotsekeka kapena wophulika. Panali patangopita masabata khumi. Ndipo amene akanasaina pa khadi, amene akanaima pamaso pa akuluakulu zikanavuta, anali mnyamata uja wondikhulupirira, amene ankanditchula kuti amai tikakhala pa tiyi.

Singano inali itakhudza kale mphira wa pa botolo. Sindinaiboole. Ndinaika zonse pansi.

"Dokotala, ndakunamizani. Awa ndi achimwene anga. Anagwidwa sitiroko mu Disembala. Pakamwa panapotoka, dzanja lamanzere linafooka masabata awiri. Ndinawasamalira ndekha kunyumba, sindinalembe."

Dokotala sanandikalipire. Anawerama, naika chomvera chake pa khosi la achimwene mbali zonse ziwiri, namvetsera nthawi yaitali. Anagwira mapazi, naona pamene panali zala zija. Kenaka anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi.

"Sekuru," anatero, ndiwo ulemu wa kuno kwa mdala, "jekeseni uyu sasankha. Akalowa amasungunula paliponse. Kumutu kwanu kuli bala limene silinapole, ndipo mitsempha ya m'khosi mwanu ndikuimva ikulira, ndi yopapatiza. Magazi akatuluka m'mutu, pano ndilibe chowaletsera. Sindingakubayeni."

"Ndikusainirani," anatero achimwene m'Chishona. "Bweretsani pepala."

"Ngakhale musaine, dzanja lobaya ndi langa. Sindingathe."

Achimwene anabwezera okha chophimba pakamwa, natembenukira ku khoma. Alamu anakhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula, nayamba kulira ngati maliro achitika kale. Ine ndinanyamula botolo lija kukalibwezera m'firiji. Kuchokera ku wodi kukafika ku firiji ndi mayadi osakwana makumi awiri, koma ndinaima kawiri panjira.

Tinachita zotsalazo. Mapiritsi oletsa magazi kuundana, otsitsa mafuta, ochepetsa ntchito ya mtima, okosijeni mpaka silinda inatha n'kubwereka ya ku wodi ya amayi. Sanafe. Ululu unatha tsiku lachiwiri, koma unatha chifukwa mnofu wa mtima umene unkalira uja unali utafa. Madzulo a tsiku loyambalo, tikulemba lipoti, ndinafunsa Dokotala Gumbo ngati ndachita bwino. Ndinkafuna andiuze kuti inde. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Amai, mukanakhala chete ndikanabaya. Mwina bwenzi pano akupempha nsima. Mwinanso bwenzi tikuwaphimba nsalu. Buku likuti tisabaye, ndipo ndikanadziwa pambuyo pake kuti munandibisira, sindikanagwiranso nanu ntchito. Koma za munthu mmodzi uyu, kuti zikanatha bwanji, palibe angakuuzeni."

Nkhani ya sitiroko yosalembedwa ija anaifikitsa kwa matironi, monga anayenera. Ndinalandira kalata ya chenjezo, yoyamba ndi yomaliza. Ndinaisaina osawerenga.

Patapita sabata tinapita nawo ku Harare. Madokotala a mtima anawaunika tsiku lonse. Wamkulu wawo, mayi wa imvi, anandiitanira pambali poona kuti ndine namwino. Anati mtima ukupopa mofooka kwambiri, mbali ya kutsogolo yafa. Kuti alowetse kawaya kotsegula mitsempha, njira ya m'miyendo ndi yotsekeka, ndipo mankhwala ounikira amene amathira m'magazi angamalize impso, zimene zinali kale zofooka ndi shuga. Opaleshoni yaikulu sangadzuke nayo. "Tikanakonza malo amodzi," anatero, "koma apa ndi thupi lonse." Anatipatsa mndandanda wa mapiritsi asanu ndi awiri. Pobwerera m'kombi, minibasi ya kuno, achimwene anakhala pa windo, osandiyankhula mpaka Mvurwi.

Chaka cha makumi awiri ndi chisanu ndi chitatu

Anakhala moyo chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Ku mabalani sanabwererenso. Kuchoka pa bedi kufika pa khomo ankachita wefuwefu ngati akwera phiri. Miyendo inatupa mpaka khungu kung'ambika, ankagona chokhala, atatsamira matumba a chimanga. Mlimi uja sanawathamangitse m'nyumba, pokumbukira fodya amene anamuwotchera, koma anawachotsa ku ya njerwa n'kuwapatsa ya kumapeto, yodontha. Pa mapiritsi asanu ndi awiri aja, mwezi wabwino ndinkapeza anayi. Okodzetsa, ochotsa madzi m'thupi, akasowa kwathu ndinkayenda m'mafamasi a m'tauni imodziimodzi. Tsiku langa lopuma lililonse ndinkakwera kombi, kutsika pa mphambano, kuyenda wapansi kukawatsuka zilonda. Inu munali ku sukulu zogonera komweko, simunaone zambiri. Alamu ankandilandira ndi moni wa mlendo, kundiikira madzi m'beseni, n'kutuluka kupita kumunda mpaka nditachoka.

Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinawapeza atakhala panja pa dzuwa, moyang'ana mabalani. Utsi kunalibe, fodya anali atapita kale ku msika. Ndinagwada n'kuyamba kumasula bandeji. Phazi lamanzere linali litayamba kuda kuchokera ku chidendene.

"Mnyamata amene anamupatsa mabalani anga wapsereza awiri chaka chino," anatero. Aka kanali koyamba kundiyamba nkhani chichokere ku Harare.

"Ndamva, achimwene."

"Ndikanafa tsiku lija, ndikanafa ndili munthu wa ntchito. Anthu akanati Jailosi wagwa pa moto wake. Pano akazi anga amandinyamula kupita kuchimbudzi."

"Mukanathanso kutsala osayankhula, osadziwa munthu, mukudyetsedwa ndi supuni."

"Ukudziwa zimenezo?"

"Sindikudziwa."

"Nanga unandisankhira bwanji?"

Mpaka lero yankho limene ndingalembe pano n'kukhutira nalo ndilibe. Ndinapitiriza kutsuka. Patapita nthawi anaika dzanja pamutu panga, pa kansalu ka kumutu, nalisiya pamenepo mpaka nditamaliza kumanga. Sananene kuti andikhululukira. Anangoti, "Umange molimba, lija la sabata yatha linamasuka." Chibale n'chipsera, amatero akuluakulu.

Anamwalira mu Epulo, masana, madzi atadzaza m'mapapo. Ndinali pa ntchito. Pa maliro, azimayi a mpingo akuimba, alamu anandiyang'ana pamaso pa anthu n'kunena mosakweza mawu kuti, "Mankhwala analipo, munawagwira m'manja mwanu." Anthu a pa komboni anamva, ndipo nkhani inayenda kuti Sisita Banda anamana mchimwene wake jekeseni. Ena anawonjezera kuti ndinasungira munthu wolemera. Zoona zake n'zakuti botolo lija linakhala m'firiji mpaka linapitirira masiku ake, ndipo ndinalitaya ndekha.

Zaka zisanu ndi chimodzi zotsalazo ndinagwira ngati ng'ombe yokoka ngolo, mutu pansi. Dokotala Gumbo anachoka, kunabwera ena. Odwala a mtundu wa achimwene sanasiye kubwera, pa malole, pa ngolo, pa wilibala, ambiri mochedwa. Funso la sitiroko ndinkalifunsa ndekha m'Chichewa, kawiri, wachibale ali panja. Tsiku lopuma ntchito anandipatsa bulangete ndi satifiketi, tinamwa tiyi, ndinakwera kombi kubwera kuno ku lokeshoni. Sindinamve chisoni kapena chimwemwe. Ndinangofuna kukhala pansi.

Chaka chachiwiri chipumire

Alamu a Rozina anakhala zaka zisanu ndi zitatu osaponda pakhomo panga. Tikakumana pa maliro tinkapatsana moni wa m'manja basi. Mwezi wa Okutobala wapitawu, dzuwa lili pamutu, ndikusankha nyemba pakhonde, ndinaona mayi akutsegula geti pang'onopang'ono, atanyamula kachikwama ka pulasitiki. Anali iwo, ataonda, tsitsi lonse loyera. Kuchokera pa geti kufika pakhonde anaima kamodzi, atagwira m'chiuno. Ndinawapatsa mpando ndi madzi. Tinafunsana za ana, za mvula imene ikuchedwa, za denga la nyumba ija. Kenaka nkhani zinatha.

"Miyendo ikumandigwira ndikayenda," anatero potsiriza, akuyang'ana nyemba zanga. "Ndikaima imasiya. Ndipo sabata yatha, ndikutunga madzi, pachifuwa panalemera."

"Mwapita ku kiliniki?"

"Ndabwera kuno."

Ndinalowa m'nyumba kukatenga makina anga akale a BP. Potuluka ndinapeza atavula kale matenesi awo, atawaika pambali bwinobwino, mapazi ali pa simenti. Ndinagwada movutikira, poti mawondo anga nawo anatha. Ndisanawagwire anandigwira pa phewa.

"Alamu," anatero, "chimene mupeze, munene. Kwa ine, ndi kwa dokotala. Ngakhale ndikuletseni."

Phazi lamanja linkagunda, mofooka. Lamanzere ndinafufuza nthawi yaitali, osamva kugunda. Ndinawauza. Anagwedeza mutu, navala matenesi awo, nafunsa kuti kombi yoyamba ya ku chipatala imanyamuka nthawi yanji. Ndinati sikisi. Anagona kuno, m'chipinda chanu chija, ndipo m'mawa tinapita limodzi.